Mzamba wake uti?

Mawu akuti mzamba masiku ano akusenza anthu awiri. Alipo mzamba amene anakhala zaka ku Kamuzu College of Nursing kapena kusukulu za mishoni, ali ndi chiphaso cha bungwe la anamwino ndi azamba. Aliponso agogo a m'mudzi amene anaphunzira ntchitoyi poonera akuluakulu. Onse ndi azamba, ndipo dzinalo agogo ndiwo anayamba nalo. Koma mayi woyembekezera akapezeka ndi shuga, wolankhula asamangoti "mzamba" n'kusiyira pomwepo.

Abale athu a ku Britain akamati, "Kuno ena amachirira kunyumba, mzamba amabwera konko," sakunama. Amene amabwerayo ndi wa chipatala, ali ndi zida m'chikwama, ndipo zikavuta ambulansi ndi ya pafoni. Ngakhale kumeneko, malangizo a bungwe la NICE amati mayi wa shuga akachirire kuchipatala, ndipo ngati shugayo wayamba ali woyembekezera, pathupi pasapitirire masabata 40 ndi masiku 6. Ena amene shuga wawo akumvera chakudya chokha, osamwa metformin kapena kubaya insulini, amasankhabe kunyumba atakambirana ndi achipatala. Tsono mawu omwewo akafika ku Ntcheu pa WhatsApp, womva amaona mphasa, lezala ndi agogo.

Kuno nkhaniyi ili ndi mbiri yake. Boma linaletsa azamba a m'midzi kubereketsa mu 2007, Bingu wa Mutharika n'kuchotsa chiletsocho mu 2010. Mu 2012 Joyce Banda anakweza mfuu ya uchembere wabwino, mafumu monga Kwataine akulimbikitsa amayi kupita kuchidikiro, kwina wochirira pakhomo n'kumalipitsidwa mbuzi. Za mbuzizo ine sindigwirizana nazo, poti mayi wosauka amangobisala. Koma pa shuga achipatala ali ndi mfundo.

Shuga wa mayi amadutsa pa nsengwa n'kufika kwa mwana. Thupi la mwana limapanga insulini wambiri, mwanayo n'kunenepa, nthawi zina kupitirira makilogalamu 4. Ife mwana wonenepa timamululutira, koma pobadwa mutu ukhoza kutuluka mapewa n'kukakamira, ndipo pamenepo mphindi zimawerengedwa. Akabadwa, mchombo n'kudulidwa, shuga wa amake amaleka kubwera pamene insulini uja akadali wambiri, choncho shuga wa khandalo amatsika. Mwana amangoti zii, osafuna bere, kapena kunjenjemera timanja. Agogo anganene kuti ndi mwana wofatsa. Wa kuchipatala amamubaya pachidendene pakatha maola awiri mpaka anayi, n'kuwerenga nambala pa kamakina. N'chifukwa chake ndikupempha a pawailesi ndi olemba timapepala ta kusikelo kuti azimaliza mawu: mzamba wa kuchipatala, mzamba wa kumudzi.

Azimalizanso dzina la nthendayo. Kungoti "muli ndi shuga" kumaopseza mayi, amaganiza za malume ake amene anadulidwa mwendo. Tiziti shuga wa pathupi, amene kawirikawiri amayezedwa pakati pa masabata 24 ndi 28.

Palinso mneni wathu wokoma uja, kuchira. Woyembekezera timamuti wodwala, nthawi ikakwana timati matenda ayamba, akabereka timati wachira. Ndi ulemu, ndipo usathe. Koma namwino akati, "Amayi, shuga ameneyu amatha mukachira," mayiyo amamva kuchira kuwiri nthawi imodzi. Zoona, kwa ambiri shuga amatsika nsengwa ikangotuluka. Komabe akhoza kubweranso pa mimba yotsatira, ndipo amayi otere ambiri amadzadwala shuga weniweni patapita zaka. Pamenepa pokha namwino asiye kaye ulemu wa m'chikuta, anene mosabisa: "Mukabereka shuga atsika, koma pakatha masabata 6 mubwere tidzayezenso, kenako chaka chilichonse."