MWALA WA LAPIS LAZULI NDI MWEZI WAKE

Pakati pa Azungu pali mwambo wakuti mwezi uli wonse wa caka uli ndi mwala wake wa mtengo wapatali. Munthu amabvala mwala wa mwezi umene anabadwa, pa mphete kapena pa mkanda, ndipo ena amakhulupirira kuti umampatsa mwai. Umodzi wa miyala yotere ndi lapis lazuli. Tiyeni tione kumene unacokera, ndiponso amene anaupatsa mwezi.

Mwalawu ndi wa buluu, monga thambo dzuwa litangolowa. M'kati mwake muli timadontho tonyezimira ngati nyenyezi. Timadonthoti si golide ai, koma mwala wina, dzina lake pyrite.

Lapis lazuli wabwino koposa amakumbidwa ku Sar-i Sang, m'cigwa ca mtsinje wa Kokcha, m'mapiri a Badakhshan, kumpoto cakum'mawa kwa Afghanistan. Anthu akhala akukumba kumeneko zaka zoposa 6,000. Akale analibe makina. Iwo ankasonkha moto pa thanthwe, ndipo likapsa ankaligumula ndi nyundo. Marco Polo wa ku Venice anapita m'dzikolo m'zaka za m'ma 1270, nalemba za phiri lotulutsa mwala umenewu.

Kucokera m'mapirimo amalonda ankautengera ku maiko akutali, kumene mafumu ankaufuna. Pakati pa 1922 ndi 1934 Leonard Woolley anakumba mzinda wakale wa Ur, m'dziko la Iraq. M'manda a mfumukazi Puabi, amene anaikidwa zaka ngati 4,500 zapitazo, anapezamo mikanda yambiri ya mwalawu. Mu 1922 Howard Carter anapeza manda a mfumu Tutankhamun ku Egypt. Cophimba kumaso ca golide ca mfumuyo ciri ndi nsidze za lapis lazuli. Kwa eni dzikolo mwalawu unali cizindikiro ca kumwamba, ndipo ankati tsitsi la milungu yao ndi la lapis lazuli.

Pambuyo pake amisiri ojambula zithunzi a ku Ulaya anayamba kupera mwalawu ndi kupanga utoto wa ultramarine, ndiko kunena kuti wocokera kutsidya kwa nyanja. Utotowu unali wodula, nthawi zina koposa golide, kotero kuti kawirikawiri ankausungira cobvala ca Mariya, amai a Yesu. Mu 1828 Jean-Baptiste Guimet wa ku France analandira mphotho cifukwa anapanga utoto womwewo popanda mwala, ndipo mtengo wake unatsika. Buluu uja wothira m'madzi otsukuluzira zobvala zoyera ndi utoto wa mtundu umenewu.

Nanga za miyezi zinayamba bwanji? Buku la Eksodo, mutu 28, limanena za capacifuwa ca Aroni, mkulu wa ansembe. Cinali ndi miyala 12, mwala umodzi fuko limodzi la Israyeli, ndipo umodzi mwa iyo unali safiro. Anthu ophunzira ambiri amati safiro wa masiku amenewo ndiye lapis lazuli, pakuti Pliny, mlembi wa ku Rome, anafotokoza kuti safiro ali ndi timadontho ta golide. Josephus, mlembi Waciyuda wa nthawi ya Pliny, ndiye anafanizira miyala 12 ija ndi miyezi 12 ya caka. Koma Baibulo lenileni silinena kuti munthu azibvala mwala wa mwezi wake.

Mndandanda wa miyala ndi miyezi umene ambiri amatsata unalembedwa ndi amalonda. Mu 1912 ogulitsa mphete ndi mikanda a ku America anagwirizana kuika mwala pa mwezi uli wonse. Lapis lazuli anauika pa Disembala pamodzi ndi mwala wa turquoise. Mu 1952 anaucotsa naikapo zircon. Ku Britain ogulitsa amauika pa Seputembala pamodzi ndi safiro. Motero mwana wobadwa ku America mu Disembala 1940 anauzidwa kuti mwalawu ndi wake, koma mng'ono wake wobadwa mwezi womwewo mu 1955 anauzidwa zina.

Tsono tionepo ici. Mwala umene mwezi wake umasintha amalonda akakhala pa msonkhano sungathe kulamula mwai wa munthu. Ulemu wake uli m'kukongola kwake ndi m'mbiri yake yaitali. Wofuna kuugula augule cifukwa ca zimenezi, ndipo acenjere, pakuti ena amanyika miyala wamba mu utoto wa buluu ndi kuigulitsa ngati lapis lazuli. Paja akulu anati cikomekome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere.