Nyumba yaing'ono ndi mbiri ya amene anaiganizira mozama

Mu 1926, mumzinda wa Frankfurt ku Germany, mayi wina wojambula mapulani a nyumba, Margarete Schütte-Lihotzky, anayamba kuwerenga mapazi amene munthu amaponda akamaphika: kuchoka pampopi kupita pachitofu, kuchoka pachitofu kukatenga mchere. Atamaliza anajambula khitchini ya mamita 1.9 m'lifupi ndi 3.4 m'litali. Shuga ndi mpunga zinali ndi timabokosi take tosolola, thabwa lositira zovala linkapindidwira kukhoma, ndipo wophika ankatha kusenda mbatata atakhala pampando pafupi ndi zenera. Makhitchini otere pafupifupi 10,000 anaikidwa m'nyumba za anthu apantchito zimene mzindawu unkamanga motsogozedwa ndi Ernst May.

Osauka akhala akugona m'tinyumba topanikiza kuyambira kalekale. Chachilendo ku Frankfurt chinali chakuti akatswiri anathera nzeru zawo pa kanyumba ka munthu wamba monga ankachitira ndi nyumba za olemera. Mu 1929 amisiri a mapulani ochokera m'mayiko osiyanasiyana anakumana mumzinda womwewo pa funso limodzi: kodi banja lingakhale m'malo ochepa bwanji osataya ulemu wake?

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse inafulumizitsa zinthu. Mabomba atagwetsa nyumba zambirimbiri ku Britain, boma linamanga tinyumba toposa 150,000 topangidwira kufakitale, tina ta aluminiyamu tochokera m'mafakitale amene ankapanga ndege. Ankati tikhala zaka khumi kapena khumi ndi zisanu basi. Koma munali chimbudzi cham'kati, madzi otentha ndi firiji, zinthu zimene mabanja ambiri anali asanaonepo, moti anthu anatikonda n'kumatisamalira, ndipo tina tinafika zaka 70 tikadali chilili.

Nzeru yomweyi ili ndi mbali yake yowawa. Ku South Africa, boma la tsankho linatenga luso loyeza mpata n'kulisandutsa chida chopanikizira anthu akuda. Mapulani otchedwa NE 51/6 ndi NE 51/9 anabala mizere ya tinyumba ta zipinda zinayi, ta masikweya mita pafupifupi 40, tofanana ngati mabokosi a machesi, ku Soweto ndi m'makomboni ena. Amalawi amene anakhalako ku Joni amatidziwa. Wojambula mapulaniwo ankawerenga ndalama za boma, osati mapazi a mayi wophika, ndipo kusiyanako kumaoneka mpaka lero.

Nkhani ya moto ndi magetsi inadzalowa mochedwa. Mafuta atakwera mtengo mu 1973, anthu a m'mayiko ozizira anazindikira kuti nyumba zawo zimadontha kutentha ngati lichero. Mu 1977 ku Regina, m'dziko la Canada, anamanga nyumba yoyesera ya makoma okhuthala ndi yotsekedwa bwino m'ming'alu monse. Mu 1991 ku Darmstadt, Wolfgang Feist ndi anzake anamaliza nyumba zinayi zophatikizana za mtundu wa Passivhaus: magalasi atatuatatu pazenera lililonse, ndi makina otulutsa mpweya woipa amene amasiya kutentha kwake mumpweya watsopano wolowa. Nyumba zotere zimafuna kachigawo kochepa chabe ka moto umene nyumba zakale zinkadya.

Kwa ife a kuno kotentha, phunziro lenileni linachokera ku Africa konkuno. Hassan Fathy wa ku Egypt anamanga mudzi wa New Gourna m'zaka za m'ma 1940 ndi zidina, podziwa kuti khoma lokhuthala la dothi limamwa dzuwa masana n'kulibweza pang'onopang'ono usiku. Francis Kéré wa ku Burkina Faso, pomanga sukulu kwawo ku Gando mu 2001, anakweza malata m'mwamba n'kusiya mpata pakati pa malatawo ndi siling'i ya njerwa zadothi. Mphepo imadutsa mumpatamo n'kunyamula kutentha kusanatsikire kwa ana. Aliyense amene anagonapo m'chipinda cha malata opanda siling'i mu Okutobala, thukuta lili kamukamu pamphasa, denga likulira kuti the-the pozizira madzulo, angamvetse kukula kwa nzeru imeneyi. Ndipotu agogo athu ankaidziwa: denga laudzu ndi khonde lozungulira zinkagwira ntchito yomweyo popanda dzina lachizungu.

Amene amandigwira mtima kwambiri ndi Alejandro Aravena wa ku Chile. Ku Iquique, mu 2004, ndalama za boma zinali madola 7,500 pa banja, zogulira malo ndi kumangira pamodzi. M'malo momanga kanyumba kathunthu kosakwanira, anamangira mabanja 93 theka la nyumba yabwino: chimango cholimba, khitchini, bafa ndi masitepe, zinthu zimene munthu sangazithe payekha. Pambali anasiya mpata woti eni ake adzawonjezere zipinda akapeza ndalama. Umu ndi mmene timamangira kwathu kuno, chipinda chimodzi chaka chino, china tikagulitsa fodya, kungoti ife kawirikawiri timayamba opanda pulani ya kumene nyumbayo ikupita.

Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anaonetsa poyera zimene zimachitikira makoma a zidina opanda maziko okwera ndi denga lowaphimba. Njerwa zootcha nazo zatimalizira mitengo. Chikombole chamanja chopsinjira dothi losakaniza ndi simenti pang'ono, chimene Raúl Ramírez anapanga ku Colombia m'zaka za m'ma 1950, chimatulutsa njerwa zolimba popanda nkhuni ngakhale imodzi, ndipo njerwa zamtunduwu zikupezeka m'Malawi muno.

Inu amene mwagula kapuloti ndipo mukuwerengera matumba a simenti, musanakumbe maziko khalani pansi ndi mmisiri wanu. Mufunseni kumene dzuwa la masana lidzawombe, mmene mphepo idzalowere ndi kutulukira, kutalika kwa malata opitirira khoma, ndi mbali imene chipinda cha ana chidzawonjezedwe akadzakula.