Khunyu Yoyambila M'mbali mwa Ubongo ndi Vuto la Kuiwala

Tikamva za khunyu, ambili a ife timaganiza za munthu amene wagwa pansi, akuphupha ndi kutuluka thovu kukamwa. Koma pali mtundu wina wa khunyu umene nthawi zambili sugwetsa munthu. Madokotala amauchula kuti temporal lobe epilepsy, cifukwa umayambila m'mbali mwa ubongo, pafupi ndi makutu. Odwala ambili amavutika ndi kuiwala kuposa kukomoka kwenikweniko.

Mmene imaonekela

Munthu angayambe kumva ngati cinacake cikukwela kucokela m'mimba kupita kukhosi, kugwidwa ndi mantha popanda cifukwa, kumva fungo limene ena sakumva, kapena kuona ngati zimene zikucitika zinacitikapo kale. Kenako amayang'ana malo amodzi osaphethila, kutafuna popanda cakudya, kapena kugwilagwila zovala. Izi zimatenga mphindi imodzi kapena ziwili. Akatsitsimuka amakhala wosokonezeka, ndipo sakumbukila zimene zacitika.

Zimene zimasintha mu ubongo

Mkati mwa mbali imeneyi muli kaciwalo kopindika, kakang'ono ngati cala, kochedwa hippocampus. Tili nato tuwili, kumanzele ndi kumanja. Nchito yake ndi kulandila zinthu zatsopano zimene taona kapena kumva, n'kuzikonza kuti zisungike. Mwa odwala ambili, maselo a kaciwaloka amafa, pamatsala cipsela, ndipo kamafota. Madokotala amachula zimenezi kuti hippocampal sclerosis, ndipo amatha kuziona pa makina a MRI.

Mbali imene yawonongeka ndiyo imasonyeza zimene munthu aziiwala. Ngati ndi kumanzele, ambili amaiwala maina, mau ndi nkhani zimene auzidwa. Ngati ndi kumanja, amavutika kukumbukila nkhope ndi malo. Ena amakumbukila bwino lelo, koma pakapita masiku ocepa zonse zafufutika.

Zambili za kaciwaloka tinazidziwa cifukwa ca Henry Molaison wa ku America. Mu 1953, dokotala William Scoville anamucotsa mbali zaikulu za hippocampus kumanzele ndi kumanja kuti khunyu yake icepe. Kukomoka kunacepadi, koma kuyambila pamenepo mpaka imfa yake mu 2008, sanathenso kusunga zinthu zatsopano m'mutu. Ndiye cifukwa cake masiku ano madokotala amapima bwino asanapange opaleshoni, ndipo amacotsa mbali imodzi cabe.

Zimene zimayambitsa

Nthawi zina coyambitsa sicidziwika. Koma zodziwika ndi izi: kukomoka kwa nthawi yaitali cifukwa ca kutentha thupi paubwana, kuvulala m'mutu, meninjaitisi, ndi malungo a mu ubongo. Kuno kwathu, maka-maka ku Eastern Province, khunyu imayambanso cifukwa ca njoka za m'mimba zocokela ku nkhumba. Munthu akameza mazila a njokazi kupitila m'madzi, cakudya kapena manja odetsedwa ndi cimbudzi ca munthu amene ali nazo, tumphutsi tumakakhazikika mu ubongo. Khunyu siyambukila mwa kukhudza wodwala kapena malovu ake, ndipo si ufiti.

Cifukwa cake tiyenela kufulumila

Bungwe la World Health Organization limati anthu pafupifupi 50 miliyoni padziko lonse ali ndi khunyu, ndipo odwala 7 mwa 10 alionse angaleke kukomoka atalandila mankhwala oyenela. Kukomoka kobwelezabweleza, maka-maka kwa nthawi yaitali, kungawonjezele kuiwala. Mankhwala monga carbamazepine amathandiza ambili. Ena monga phenobarbital angabweletse tulo ndi kucedwa kuganiza. Zikatelo tiuze dokotala, osaleka kumwa tokha, cifukwa kuleka mwadzidzidzi kungabutse kukomoka koopsa. Amene mankhwala sakuwathandiza angatumizidwe kwa akatswili a za ubongo ku University Teaching Hospital ku Lusaka.

Zimene tingacite panyumba

Mwana amene aiwala zimene watumidwa kumsika, kapena zimene waphunzila kusukulu, angakhale kuti si waulesi kapena wamwano. Tisamukalipile. Timuuze cinthu cimodzi panthawi imodzi, timulembele papepala, ndipo tiuzeko aphunzitsi ake. Alamu ya pafoni imathandiza kukumbukila nthawi ya mankhwala. Tizilemba m'kabuku tsiku ndi utali wa kukomoka kulikonse kuti tikaonetse ku cipatala. Kugona mokwanila ndi kupewa mowa n'kofunikanso.

Munthu akakomoka, timucotse pafupi ndi moto kapena madzi, ndipo ngati wagwa timugoneke cam'mbali. Tisaike ciliconse m'kamwa mwake. Kukomoka kukapitilila mphindi 5, tithamangile naye ku cipatala. Akatsitsimuka, tikhale naye pafupi ndi kumuuza modekha kumene ali ndi zimene zacitika, pakuti iye sakuzikumbukila.