Mbiri ya Masewera a Judo ndi Malamulo Ace

Kale m'midzi mwathu anyamata oweta ng'ombe ankalimbana kudambo kuti adziwe wamphamvu ndani. Wogwetsa anzace onse ndiye anali mkulu wa abusa, ndipo enawo ankambwezera ng'ombe iye ali khale pamthunzi. Ambiri a iwo amene anadza ku Kafue ca m'ma 1970 kudzagwira nchito m'mafakitale a nsalu ndi a feteleza anakulira m'masewera otere. Koma kulimbana kumene ana a m'matauni amamva mbiri yace lero ndi kwa mtundu wina, kochedwa judo, ndipo nkwabwino kuti tidziwe kumene kunacokera.

Judo inayambira ku Japan. Ankhondo akale a dzikolo, ochedwa samurai, anali ndi luso logwetsa, kupotola ndi kutsamwitsa mdani, dzina lace jujutsu. Ulamuliro wa ankhondowo utatha, ndipo Boma litaletsa kuyenda ndi malupanga mu 1876, lusoli linayamba kuzilala. Pamenepo mnyamata wina wophunzira, Jigoro Kano, anapita kwa akatswiri otsalawo nawapempha kuti amphunzitse. Iye anapatula njira zopha ndi zolemaza kuti zisalowe m'mpikisano, natsegula sukulu yace ya Kodokan mu Tokyo m'caka ca 1882. Ciphunzitso cace cinali cakuti munthu asatsutsane ndi mphamvu ya mnzace koma aigwiritse nchito: akakukankha umkoke, akakukoka umkankhe. Ndipo wophunzira ayamba waphunzira kugwa bwino asanaphunzire kugwetsa.

Masewerawa analowa m'mipikisano ya Olympic mu 1964 ku Tokyo komweko. Ife sitingaiwale mipikisano imeneyo, pakuti tsiku lotsekera, pa 24 October, ndilo tsiku limene Northern Rhodesia inasanduka Zambia. Patapita zaka ziwiri kunafika wansembe wa ku Ireland, Bambo Jude McKenna, amene anaphunzitsa judo kwa anyamata ndi apolisi zaka zambiri, kotero kuti mu 2019 Boma la Japan linampatsa mendulo ya ulemu. Mu 2016 Mathews Punza anaimira Zambia ku Rio de Janeiro nagonjetsa Golan Pollack wa ku Israel.

Tsono malamulo ace ndi awa. Olimbana amagawidwa monga mwa kulemera kwao, magulu 7 a amuna ndi 7 a akazi. Wina abvala zoyera, wina zobiriwira ngati thambo, ndipo apatsana ulemu powerama asanayambe ndiponso atatha. Nthawi yace ndi mphindi 4. Cigonjetso cathunthu cichedwa ippon, ndipo cipezeka m'njira zitatu: kugwetsa mnzako cagada mwamphamvu ndi mwamsanga, kumpanikiza pansi masekondi 20, kapena kumtsamwitsa pakhosi ngakhale kumpana cigongono mpaka agogode kawiri kusonyeza kuti wagonja. Kugwetsa kopereweza pang'ono kuchedwa waza-ari, ndipo kukacitika kawiri kulingana ndi ippon. Nthawi ikatha popanda wopambana, apitiriza kufikira wina atapeza mfundo.

Kumenya nkhonya, kuponda ndi kupotola bondo nkoletsedwa. Wothawathawa kapena wozengereza kuukira alandira cenjezo lochedwa shido, ndipo akalandira katatu waluza. Woweruza akati hajime ayamba. Akati mate onse aleka pomwepo, ngakhale mtima utapsa cotani.

Apa ndipo pali kusiyana ndi ndeu ya kumowa. Kudambo kuja akulu ankaleretsa ana ndeu ikakula. M'tauni, mmene mwasonkhana mitundu yambiri yosadziwana, nchito imeneyo igwiridwa ndi lamulo limene onse abvomereza. Wogonja adzuka wosapweteka, nawerama kwa mnzace, ndipo mawa abweranso kudzaphunzira cimene cinamgwetsa.