Akazembe a ku Berlin ndi Malire Athu a ku Songwe

Tsiku ndi tsiku m'mamaŵa, pa depoti ya mabasi muno mu Mzuzu, amayi ndi anyamata amakwera galimoto zopita kumpoto. Amatsika mapiri a Chiweta, nadutsa Chilumba ndi Karonga, mpaka kukafika pa mlatho wa Songwe. Pamenepo amatulutsa ziphaso zao, pakuti tsidya linalo ndi Tanzania. Nsalu ndi nsapato zambiri zimene timagula pa msika wa Taifa zimaolokera pa mlatho umenewo. Koma ndi angati mwa ife amene adadzifunsapo kuti kodi adalamula ndani kuti dziko lathu lithere pa mtsinje umenewu? Yankho lake lili kwa akazembe a maiko aŵiri a ku Ulaya, Germany ndi Britain, anthu amene sadamwepo madzi a Songwe ndi tsiku limodzi lomwe.

Ntchito ya kazembe si yachilendo kwa ife. Pa nkhani za ukwati tili ndi ankhoswe, ndipo kuno kumpoto timati thenga. Munthu wotere salankhula zakezake ai. Amanyamula mau a amene adamtuma, ndipo chimene wavomera pa bwalo chimamanga banja lonse. Kazembe wa dziko ali chimodzimodzi. Kusiyana kwake nkwakuti nkhoswe amakhala pafupi, ndipo ukwati ukagwedezeka timapita kukamdzutsa usiku. Akazembe amene tikunena pano adamanga mfundo yao nachoka, osabweranso.

M'zaka za 1880 Ajeremani adali kulanda dziko lonse la kuvuma kwa nyanja, pamene Angerezi adali kale ndi mamishoni ndi sitolo za kampani ya Mandala kuchokera ku Blantyre mpaka ku Karonga. M'chaka cha 1889 Harry Johnston, amene adali kazembe wa Britain ku Mozambique, adafika kumpoto kuno nayenda kwa mafumu ndi mapepala oti aikepo chizindikiro. Chimene Angerezi adafuna kwenikweni ndi mseu wa Stevenson, wochokera ku Karonga kupita ku nyanja ya Tanganyika. Ajeremani naonso adali kuyang'ana dera lomwelo, kotero kuti mkangano udali pafupi.

Tsono nkhani idakakambidwa kutali. Mu Meyi 1890, ku London, nduna yaikulu ya Britain, Lord Salisbury, adaitana kazembe wa Germany, Paul von Hatzfeldt, namuuza maganizo a msinthano. Angerezi adali ndi kachilumba kotchedwa Heligoland pafupi ndi gombe la Germany, kakang'ono kosafika ngakhale pa Chizumulu, koma mfumu ya Ajeremani idali kukakhumba chifukwa cha sitima zake zankhondo. Hatzfeldt adatumiza mau kwao, ndipo pa 1 Julaye 1890 pangano lidasainidwa ku Berlin. Ku mbali ya Germany adasaina Leo von Caprivi, nduna yaikulu, pamodzi ndi Friedrich Krauel wa ku ofesi yoona za maiko akunja. Ku mbali ya Britain adasaina kazembe wao wa ku Berlin, Sir Edward Malet, ndi Sir Percy Anderson. Germany idalandira Heligoland, nivomera kuti Zanzibar ikhale m'manja mwa Angerezi.

M'pangano lomwelo mudali ndime yonena za ife. Idati malire a dziko la Ajeremani, akafika pa nyanja, atsate gombe la kuvuma, azungulire kumpoto, mpaka pa mathiriro a Songwe, ndipo kuchokera apo akwere ndi mtsinjewo. Ndi mau oŵerengeka chabe, koma adapatula Angonde a kwa Kyungu ndi abale ao Anyakyusa, anthu omvana chilankhulo ndi okwatirana. Pa tebulo la ku Berlin padalibe Mngonde, padalibe Mnyakyusa, padalibenso msodzi wa ku Usisya kapena wa ku Manda. M'chaka cha 1898 anthu oyesa malo a maboma aŵiriwo adayenda m'maliremo, ndipo mu 1901 pangano lina lidatsimikiza ntchito yao.

Tisaganize kuti kuyambira pamenepo Ajeremani ndi Angerezi adali adani pa nyanja yathu. Kwa zaka zoposa makumi aŵiri adakhala ngati anansi. Sitima ya Ajeremani yotchedwa Hermann von Wissmann, imene idayamba kuyenda pa nyanja mu 1893, zitsulo zake zidadzera m'Zambezi ndi m'Shire, m'dziko la Angerezi. Mu 1895 sitima yomweyo idathandiza kunyamula asilikali a Johnston popita kukagonjetsa Mlozi, wogula akapolo wa ku Karonga. Malinga akazembe ku London ndi ku Berlin adali kumvana, kunonso kudali bata.

Chakudza sichiimba ng'oma. M'chaka cha 1914 kazembe wa Germany ku London adali Karl Max Lichnowsky. Munthu ameneyu adayesetsa ndi mtima wonse kuchenjeza boma lake kuti likaputa nkhondo, Britain sidzangopenya. Akuluakulu a ku Berlin sadamvere. Pa 4 Ogasiti nkhondo idayamba pakati pa maiko aŵiriwo, ndipo Lichnowsky adalongedza katundu wake nabwerera kwao ali wosweka mtima. Apa tikuona kuŵaŵa kwa ntchito imeneyi: kazembe angathe kuona dzenje patsogolo, koma ngati womtuma watseka makutu, iye alibe mphamvu yoimitsa ulendo.

Pasanathe masabata aŵiri, moto wa ku Ulaya udafika pa nyanja yathu. Sitima ya Angerezi, Guendolen, idapita ku Sphinxhaven, kumene lero timati Liuli, niombera Hermann von Wissmann ili pa mtunda. Woyendetsa sitima ya Ajeremani, amene adali bwenzi la woyendetsa Guendolen, adali asanamve nkomwe kuti kuli nkhondo. Pa 9 Sepitembala 1914 asilikali a Ajeremani ataoloka Songwe adamenyana ndi a Angerezi ku Karonga. Manda a Azungu amene adafa tsiku limenelo alipo mpaka lero, ndi maina ao olembedwa bwino. Koma ambiri mwa amene adagwa mbali zonse ziŵiri adali anthu akuda, ndipo m'zaka zotsatira amuna a dziko lino pafupifupi 200,000 adatengedwa kukhala amtengatenga, kusenza katundu wa nkhondo m'mapiri ndi m'madambo. Ambiri sadabwerere. John Chilembwe adalemba kalata yodandaula za magazi a anthu osauka okhetsedwa pa mlandu umene sadaudziŵe, koma mau ake sadamvedwe.

Nkhondo itatha, pangano la ku Versailles la 1919 lidalanda Germany maiko ake onse a mu Afrika, ndipo Tanganyika idaperekedwa kwa Angerezi. Popeza mbali zonse ziŵiri za nyanja zidali pansi pa mbuye mmodzi, palibe amene adasamala za mzere uja. Mapu ena adaulemba pa gombe, ena pakati pa madzi. Ku mbali ya Mozambique zinthu zidakonzedwa: mu 1954 Angerezi ndi Apwitikizi adagwirizana kuti malire adzere pakati pa nyanja, Likoma ndi Chizumulu nkukhalabe zathu. Ku mbali ya Tanganyika pangano latsopano lotere silidalembedwe.

Akulu adati mlandu suola. Tanganyika idalandira ufulu mu 1961, ife mu 1964, ndipo chaka chomwecho atsogoleri a Afrika atasonkhana ku Cairo adagwirizana kulemekeza malire amene adawapeza. Mu 1967 boma la Tanzania lidanena kuti kwa iwo malire ali pakati pa nyanja, monga zimakhalira pa nyanja zambiri zogaŵana maiko. Boma la Malaŵi lidaimirira pa mau a 1890. Nkhaniyi idagona zaka zambiri, nidzukanso boma lathu litapereka chilolezo chofufuza mafuta pansi pa nyanja mu 2011. Mu Ogasiti 2012 nthumwi za maiko aŵiriŵa zidakumana muno mu Mzuzu momwe, ndipo pepala limene adali kulitembenuza lidali lomwe lija la Caprivi ndi Malet. Pambuyo pake nkhani idaperekedwa kwa atsogoleri opuma, Joaquim Chissano, Thabo Mbeki ndi Festus Mogae, ndipo ena adatchula bwalo la milandu la maiko onse la ku The Hague, ku Holland. Mpaka lero mfundo yomaliza siidamangidwe.

Pali chinthu chimodzi chimene tiyenera kuchiyang'ana mosabisa. Timadandaula, ndipo nkoyenera, kuti makolo athu adagaŵidwa osafunsidwa. Komabe pamene tikuti nyanja ndi yathu, umboni umene timanyamula ndi pepala lomwelo la alendo. Anzathu a tsidya lija, amene amaponya makoka m'madzi omwewo kuyambira kale, naonso sadafunsidwe. Kuzindikira zimenezi sikutilanda ufulu wathu ai, koma kuyenera kutichotsera mwano polankhula za anansi athu. Msodzi wa ku Mbamba Bay ndi msodzi wa ku Nkhata Bay onse amaopa mwera umodzimodzi.

Lero Germany ili ndi kazembe wake ku Lilongwe, ifenso tili ndi wathu ku Berlin, ndipo amakambirana za zipatala ndi sukulu. Ankhoswe a 1890 adapita, otsala ndife. Tsono nthumwi zathu zikamapita kukakamba za nyanja kapena za Songwe, mtsinje umene umasintha njira nusamutsa minda ya mpunga kuchoka dziko lina kupita lina, tizifunse ngati zayamba zakhala pansi ndi mafumu, asodzi ndi alimi a m'malirewo. Ndipo zikabwera ndi chenjezo, monga adachitira Lichnowsky, ozituma azimve nthaŵi ikadalipo. Amayi aja okwera basi ya ku Songwe maŵa m'maŵa akudalira zimenezo kuti apite ndi kubwerako bwino.