Phunziro la ku Tuskegee kwa Ochita Kafukufuku Pakati pa Alimi

Mu 1932, nthambi ya zaumoyo ya boma la America inayamba kafukufuku wa matenda a chindoko m'dera la Macon, ku Alabama. Inalemba amuna akuda 600, ambiri mwa iwo alimi osauka olima m'minda ya eni. Mwa amenewa, 399 anali ndi matendawa. Anawauza kuti akuwachiza "magazi oipa", koma cholinga chinali kuona mmene chindoko chimawonongera thupi popanda mankhwala. Ngakhale penisilini atapezeka m'zaka za m'ma 1940, sanawapatse. Kafukufukuyu anaima mu 1972, nyuzipepala zitaulula nkhaniyi.

Ntchitoyi inkachitika mogwirizana ndi Tuskegee Institute, sukulu yomwe alimi ankaidziwa chifukwa cha ulangizi wake wa zaulimi. Dzina labwino la sukuluyo linathandiza kukopa anthuwo.

Mu 1979, lipoti la Belmont linaika mfundo zitatu: kulemekeza munthu, kumuchitira zabwino ndi chilungamo. Mfundozi zimagwiranso ntchito pa minda yoyeserera mbewu komanso pofunsa alimi mafunso. Mlimi auzidwe cholinga chenicheni, adziwe ngati zokolola zake zingachepe, akhale womasuka kukana kapena kusiya, ndipo zotsatira zake zimubwerere.