"Mpaka" wa pa bokosi la rauta

Mwana akatumidwa kuti aperekeze agogo ake mpaka pa siteji ya basi, sabwerera pa chigayo. "Mpaka" m'Chichewa ndi lonjezo: pamene patchulidwapo tifikapo ndithu. N'chifukwa chake khutu langa limanyansidwa ndikamva wogulitsa akuuza kasitomala kuti rauta iyi "imathamanga mpaka 300 Mbps." Mawu achingerezi amene akuwatembenuzawo, "up to", amanena za denga. Wopanga ankatchula malire, wogula wamva kofika.

Dengalo palibe amene amaligunda pakhomo pake. Nambala ya pa bokosi ndi liwiro la mafunde pakati pa rauta ndi foni pamene palibe chosokoneza chilichonse. Koma zipangizo zimene zili pa njira imodzi zimalankhula mosinthana ngati anthu pabwalo la milandu: china chikamalankhula, zinzake zimadikira, ndipo zimene zatayika m'njira zimatumizidwanso. Rauta za mtundu wa 802.11g, zomwe zinatuluka mu 2003, zinkalembedwa 54 Mbps, koma kufika theka la nambalayo unali mwayi. Mawu oyenera tili nawo kale. Tizinena kuti "siingapitirire 300 Mbps," wogula adziwiretu kuti zake zikhala pansi pamenepo.

Palinso kalembo kamene kamayambanitsa anthu. Mu Mbps, b wamng'onoyo ndi mabiti. Mu MB, B wamkulu ndi mabayiti, ndipo bayiti imodzi ndi mabiti 8. Amene amalipira 40 Mbps akaona fayilo ikubwera pa 5 MB pa sekondi, sanaberedwe.

Chimene chimandivuta kwambiri ndi "netiweki." Liwuli talisenzetsa katundu wa anthu atatu: mafunde a kampani ya mafoni, intaneti yeniyeniyo, ndi Wi-Fi ya m'nyumba. Wina akati "netiweki ikuvuta," sudziwa kuti udandaule kwa ndani. Wi-Fi ndi kamlatho chabe kochokera pa foni kukafika pa rauta. Timizere ta Wi-Fi pa foni tikadzaza, tikungonena kuti rauta ikumveka bwino. Bandulo ikatha timakhalabe todzaza, uthenga osapita.

Ndipo kumveka patali si kuthamanga. Mafunde a 2.4 GHz amaboola makoma bwinoko n'kufika kutali, koma njira yake ndi yothithikana, pakuti Bluetooth ndi uvuni wa microwave zimagwiranso ntchito komweko. A 5 GHz amathamanga, koma khoma la njerwa zootcha kapena la konkire limawafoola msanga. Tsono amene ali kuchipinda chogona, rauta itabisidwa kuseri kwa kabati pabalaza, asanene kuti "intaneti ikuchedwa." Anene kuti "Wi-Fi sikufika kuno." Akatero, mankhwala ake aonekeratu: rauta ichoke kuseri kwa kabati, ikwere pamwamba, pakati pa nyumba.